Mailo Amene Ndinasankha

Ana anga, mumandiseka kuti munthu akanena kuti mailo, ine ndimayamba ndafunsa kuti mailo ati, apita kapena akudza. Mai anu amati ndi ukalamba. Inu mumati ndi Uchewa wa ku Chadiza umene unakana kuchoka m'makutu mwanga. Nonse mwaphonya. Ndakhala pakati pa Ansenga zaka zambili kuposa zimene ndinakhala kwathu, ndipo ndidziwa bwino lomwe kuti kuno liwu limodzi lomweli limanyamula dzulo ndi mawa. Chimene chimandifunsitsa kawili ndi mlandu umodzi wa ukwati. Popeza tsopano ndili pa penshoni ndipo maondo akana munda, ndati ndiulembe kuti muusunge, musamangoti atate anali kalaliki wa khoti basi.

1983

Ukalaliki ndinauyamba pa khoti laling'ono la kumudzi m'boma la Petauke, kupatuka panjila yopita ku Sasare. Nyumba yake inali ya zipinda ziwili, china cha milandu, china changa, momwe munali kabati, taipilaita ndi mileme. Oweluza, amene anthu ankawatcha ajasitisi, anali aLungu, mkulu wamfupi wosathamangila kulankhula. Panalinso kapaso wathu aMumba, Mnsenga weniweni, amene ankapeleka zisamani panjinga m'midzi yonse. Ntchito yanga inali kulandila odandaula, kulemba zisamani, ndi kulemba m'Chizungu m'buku la milandu zimene anthu anena m'Chinsenga. Pa milandu yonse imene ndinalemba, yambili inali ya maukwati. Mwamuna ndi mkazi ankakhala kutsogolo, ankhoswe awo kumbuyo kwawo, ndipo aLungu sankathetsa ukwati asanamve ankhoswe a mbali zonse. Ukwati ukakanika, nkhani ya ana sinkavuta kwenikweni, pakuti kuno monganso kwathu ana ndi a mbumba ya mai, ndipo amalume ndiwo amaimilila.

Sabata langa loyamba lomwe ndinadzudzulidwa. Kunabwela mai wina wachibwibwi, ndipo ine pofuna kuonetsa kuti ndinapita kusukulu ndinkamumalizila mawu. ALungu anandiitana masana nandiuza motsitsa kuti: "Iwe Banda, munthu akalowa muno wayenda mtunda wautali ndi mawu akewo. Usamumalizile. Msiye awatule yekha." Ndinavomela, ndipo kwa zaka zambili ndinasungadi langizo limeneli. Ndinkadzitama nalo, ngakhale kuphunzitsa nalo akalaliki anzanga.

1992

Zipani zambili zitabwela mu 1991 tinavina nawo, ineyo ndinavina mpaka nsapato kung'ambika. Koma chaka chotsatila chinatilanga ndi chilala, ndipo zinthu zinayamba kusintha mwa njila imene sitinaiyembekezele. Depoti yogulitsilako chimanga inatsekedwa, feteleza anasanduka chinthu cha olemela, ndipo amuna amene anachotsedwa ntchito kumigodi ndi ku Lusaka anayamba kutsika m'mabasi ndi sutikesi imodzi, ena ali ndi mkazi wina pambali. Zonsezi zinkathela pa tebulo langa. Mkazi amene analela ana yekha zaka khumi ankabwela kudzati mwamunayu sindimudziwanso. Mwamuna ankabwela kudzati apongozi andithamangitsa chifukwa ndabwela chimanjamanja. Ndinkawamvela chisoni onse, pakuti ambili sanali anthu oipa, anali anthu anjala.

ALungu anapuma ntchito, m'malo mwawo munabwela aNgoma. Anali munthu wabwino mtima koma banja lawo linali kuboma, choncho ankabwela pamthuthuthu Lachiwili ndi Lachinai, masiku enawo khoti ndinali ine. Mapepala a boma analeka kubwela. Pepala la kaboni ndinkaligwilitsa ntchito mpaka kuona dzuwa kupyola m'kati mwake. Zitafika poipa, aMumba anatolela zikwangwani za chisankho zimene zinatsala m'mitengo, ndipo tinkalemba zisamani kuseli kwake, moti mwamuna ankaitanidwa kudzasudzulidwa ndi pepala lokhala ndi nkhope yomwetulila kumbali inayo. Ndinatopa, ana anga, ndipo sindikubisilani. Munthu akangotsegula pakamwa ndinkadziwa kale kumene nkhani yake ikupita. Ndinayambanso kumalizila anthu mawu osazindikila n'komwe.

1994

Domingo ndinamudziwa asanakhale ndi mlandu. Anali mmodzi wa anthu a ku Mozambiki amene anathawa nkhondo nadzakhala kumsasa waukulu wa othawa kwawo m'boma lathu lino. Kwawo kunali kufupi ndi Tete. Anali kalipentala, ndipo benchi ya ankhoswe m'khoti mwathu itathyoka mwendo ndiye anadzaikonza, nakana ngakhale tiyi. Anakwatila Esinati Daka, Mnsenga wa mudzi woyandikana ndi msasawo, ndipo anabeleka ana awili, Misozi wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi Fulansisiko amene anali atangoleka kuyamwa.

Ukwati wawo sunathe chifukwa cha mowa, chigololo kapena nkhonya. Unatha chifukwa nkhondo inatha. Malole anayamba kubwela kudzatenga anthu kubwelela kwawo, ndipo Domingo anafuna kupita, pakuti pothawa anasiya amai ake osadziwa ngati ali moyo. Esinati anakana. Anati sangasiye munda wa amake ndi manda a makolo ake kupita kudziko kumene anthu amati pansi pali mabomba. Anakangana miyezi itatu, kenaka anabwela okha kwa ife, akuyenda limodzi, mwamuna atanyamula mwana paphewa. Ndinaona maukwati ambili akutha, koma umenewu unandiwawa kulemba, chifukwa panalibe woti n'kumukalipila.

Pa za ana ndi pamene panavuta. Domingo anati kwawo ana ndi a bambo, ndipo mwana wamwamuna sangakulile kwa eni. Amalume a Esinati anayankha kuti mkamwiniyu anakwatila kuno mwa mwambo wa kuno, anapeleka nkhuku ndi khasu nalimila apongozi, sanalowole ai. ANgoma atafunsa za nkhoswe ya Domingo, kunapezeka kuti anali mnzake wa kumsasa amene anali atakwela kale lole ya mwezi wathawo, moti benchi ya kumbuyo kwake, yomwe ija anakonza yekha, inali yopanda munthu. Chigamulo chinali chakuti ukwati watha, ana akhale ndi mai. Domingo sanatsutse. Anangopempha kuti ana akagone kwa iye sabata limodzi atsazikane nawo bwino. Amalume anakana, koma Esinati anawadula nati ndi atate awo, apite.

Lachisanu la sabata limenelo, dzuwa litapendeka, ndinali kutseka kabati. Ndinali nditalemba kuyambila m'mawa osaika kanthu kukamwa, ndipo aMumba anali kumidzi ndi zisamani. Esinati analowa ali fumbi mpaka m'maondo, nagwada pafupi ndi chitseko, akulila. Ndinamufunsa kuti kwagwanji.

"Bambo, ana. Apita nawo ku Mozambiki."

"Liti?"

"Mailo, bambo. Kumsasa akuti kalata..."

Ndinamudula pomwepo. Ndinamuuza kuti ngati ana aoloka malile khoti lathu lilibe mphamvu, ngakhale kapaso wathu sangapalase njinga kukafika ku Tete, abwele Lachiwili adzaonane ndi ajasitisi. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati sanamve, kenaka anaomba m'manja mwaulemu natuluka chafutambuyo. Anthu athu akauzidwa ndi munthu wa muofesi kuti sizitheka, amakhulupilila kuti sizithekadi.

Tsopano mvetsetsani apa. Mawu oti apita angathe kukhala oti anyamuka kale, kapena oti anyamuka posachedwa, kusiyana kwake kuli m'kakwezedwe ka mawu chabe, ndipo munthu wolila sakweza mawu molongosoka. Mailo nawonso ali pawili. Kwa zaka zambili ndinkadzitonthoza kuti aliyense akanasokonezeka. Koma ndi bodza. Panali mailo awili patsogolo panga, ena oti nditseke kabati ndipite kunyumba, ena oti ndikhalenso pansi ndigwile ntchito. Ine ndinasankha amene sanafune kuti ndivutike.

Loweluka m'mawa ndikusukusula, aMumba anafika pakhomo njinga ili wefuwefu ngati mwini wake. Anali atakumana ndi Esinati panjila madzulo aja, ndipo anamumvela nkhani yonse. Mkaziyo anali atamva kuti Domingo walembetsa kukwela lole ya Loweluka pamodzi ndi ana, popeza maina awo anali pakhadi lake la kumsasa. Atapita kukadandaula kwa oyang'anila ulendowo, anamuuza kuti abweletse kalata ya khoti yosonyeza kuti ana ndi ake. Ndiyo kalata imene ankafuna kunena ija. AMumba sanandilemekeze tsiku limenelo. Anati, "Akalaliki, zaka zonsezi mukudya nyemba zathu, mailo akukanikani? Malole anyamuka lelo, mwina adutsa kale."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwile. ANgoma anali kuboma, ndipo kuwafunafuna kukanadya tsiku lonse. Lamulo linali lakuti buku la milandu silituluka m'khoti, ndipo kalaliki sadinda kalata ya chigamulo popanda oweluza. Ndinadziwa kuti ndikachita zimenezi ntchito ingathe kutha, ndipo panthawiyo iwe Tionenji unali giledi seveni, mng'ono wako ali kumsana. Mai anu ndi amene anandikankha. Anati ngati akanakhala ana athu ndikanayamba ndawelenga malamulo kodi? Ndinatsegula ofesi, ndinalemba kalata kuseli kwa chikwangwani, ndinaidinda, ndinakulunga buku m'chitenje, ndipo aMumba anandikweza pakaliyala mpaka kumsewu waukulu. Kupita kukatenga Esinati kunali kosatheka, mudzi wake unali kumbuyo kwenikweni.

Amai ogulitsa nthochi pamphambano anandiuza kuti malole adutsa kale. Ndinakwela kaminibasi ka masiku amenewo, kothina ngati thumba la mtedza, kamene kankaima pamudzi uliwonse. Mwamwai malole aja anali ataima ku Katete, pamene njila imapatukila kumalile, chifukwa imodzi inaphulika tayala. Anthu anali mbwee pansi pa mitengo, ena akuimba nyimbo za kutchalitchi m'chinenelo chawo, nkhope zowala. Pamwamba pa malole panali malata, mbuzi, mitondo ndi njinga. Domingo ndinamupeza atatsamila mtengo, Fulansisiko ali pamiyendo, akusendela Misozi nzimbe.

Atandiona sanadzidzimuke. Anayang'ana chitenje chili m'khwapa mwanga nati, "Mwabwela ndi buku." Oyang'anila ulendo anali chapafupi pomwepo ndi mapepala awo, ndipo panali wapolisi. Ndikanangopeleka kalata ija, ana akanatsitsidwa, mwinanso iye akanagwidwa pamaso pawo. Koma sindinaipeleke. Ndinakhala pansi pambali pake, ndinamuonetsa kalatayo iye yekha. Anaiyang'ana, naitembenuza, naona nkhope yomwetulila ija, koma sanaseke. Analoza lole yachiwili nandiuza kuti pansi pa katundu yense uja pali chitseko cha mlombwa chimene anapala yekha, choti akaike panyumba imene akamange kwawo. Kenaka anati:

"Abale anga onse anafa, akalaliki. Ngati amai ali moyo, adzandifunsa kuti mwanawe, zaka zonsezi kwa eni wabwelako ndi chiyani? Ndiwaonetse chitseko?"

M'buku langa munali chigamulo, koma yankho la funso limenelo munalibe. Ndinayamba kunena za lamulo, mawu anga omwe akundinyansa m'kamwa. Amene anathetsa mlanduwo ndi Misozi. Anandizindikila kuti ndine wa kukhoti kuja, ndipo nzimbe ili kukamwa anandiuza monyadila kuti akupita kukaona ambuye awo, amai a atate ake, ndiponso kuti, "Atata akuti amama abwela mailo."

Ndinayang'ana Domingo, iye anayang'ana pansi. Mwanayo anabwelezanso, tsopano akufunsa atate ake ngati si choncho. Domingo anapukuta mpeni pathalauzi, naupinda. Amakanika anamaliza kumanga tayala ndipo dalaivala anayamba kuliza hutala. Pamenepo anaimilila nanena kuti ana ake sangayende ndi mlendo, awabweza yekha kwa amawo. Anapita kwa oyang'anila kukawauza kuti atsala. Anapempha chitseko chake, koma chinali pansi pa katundu wa mabanja ambili ndipo panalibe amene akanalola kumasula zingwe. Anangotsitsa bokosi la zipangizo zake ndi bulangete. Anzake ankamuitana ali pamwamba pa lole, iye atanyamula mwana paphewa, osakweza dzanja. Kalata yanga sinaonedwe ndi munthu wina aliyense.

Tinafika kumudzi kwa Esinati tsiku lotsatila dzuwa lili pamutu. Za kulila kwake sindilemba, inu muli ndi ana, mudziwa. Amalume ankafuna kuti Domingo amangidwe, koma Esinati anatulutsa mpando nampatsa madzi. Ine ndinapepesa pamaso pa onse, ndinati sindinamve bwino. Esinati anandiyankha mosakweza mawu: "Ndinanena bwino, bambo. Inu ndiye munatopa." Palibe oweluza amene anandigamulapo molondola chotelo.

Lachiwili ndikanatha kubweza buku m'kabati mwakachetechete, aMumba sakanandiulula. Koma amalume aja anabwela kudzasuma kuti Domingo wanyoza khoti, ndipo njila yokha yomupulumutsila inali kunena zonse monga zinachitikila. Ndinauza aNgoma za mailo, za chidindo ndi za buku. Anagwila kumutu. M'buku tinalemba kuti bambo anabweza ana yekha popanda womukakamiza, zimene zinali zoona, ndipo mlandu unathela pomwepo. Wanga ndiye unapita kuboma. Sanandichotse ntchito, koma ndinalandila kalata yondichenjeza, kukwezedwa kumene ndinkayembekezela kunapita kwa wina, ndipo anandisamutsila ku Nyimba. N'chifukwa chake munasintha sukulu pakati pa chaka, ndipo iwe Tionenji unandikwiyila mpaka Khilisimasi.

1995 mpaka 2001

Ku Nyimba ndinakhala bwino kuposa mmene ondilanga anaganizila. Kunkatentha, koma nthochi zinali zosatha, ndipo oweluza a kumeneko, aTembo, ankakhala pafupi ndi khoti. Ndinabwelela ku langizo la aLungu. Munthu akalowa ndinkaika cholembela pansi mpaka atamaliza, ndipo mzele ukatalika anthu ankadandaula kuti kalaliki uyu ndi wozengeleza. Ndinkangowasiya adandaule.

Za Domingo ndinkamva kwa aMumba. Domingoyo anafuna kukwela ulendo wotsatila, koma dzina lake linali litafufutidwa ngati munthu wopita kale, ndipo pamene ankalikonza malole analeka kubwela. Kupita yekha kunkafuna mapepala amene analibe. Ukwati sunabwelelane ai, musaganize kuti nkhaniyi ithela kutchalitchi. Esinati anakwatiwa ndi mwamuna wina patapita zaka zitatu. Domingo anapempha malo pafupi ndi Minga, namanga kanyumba, nalima pang'ono, napitiliza kupala matabwa. Ana ankapita kwa iye pa holide, ndipo akuti panalibe Loweluka limene sanapalase njinga kukawaona.

Ndinakumana nayenso mu 2001, chaka changa chomaliza pantchito. Anabwela ku Nyimba kudzagulitsa timipando pamsewu pamene mabasi amaima, ali ndi imvi zimene sizinali za msinkhu wake. Tinagula nthochi, tinakhala pa timipando take tomwe. Anandiuza monyadila kuti Misozi akhoza bwino kusukulu ndipo Fulansisiko wayamba kugwila sowo. Ndinamufunsa ngati anamvapo za kwawo. Anati inde, chaka chathacho kunabwela munthu wa kumudzi kwawo kudzagula mbuzi. Amai ake anali moyo pamene malole aja anafika. Anzake anawapatsa chitseko chija, nawauza kuti mwana wanu watsala pang'ono, akubwela. Amaiwo anachiika pakanyumba kawo, ndipo aliyense wodutsa ankamuonetsa kuti anapala ndi mwana wanga. Anakhala zaka ziwili, namwalila.

"Chitseko chinafika, akalaliki," anatelo.

Ndinafuna kupepesa koma sindinadziwe kuti ndipepese chiyani. Ndikanamva bwino Lachisanu lija, ana akanatsala kwa amawo mwa kalata, iye akanakwela lole yekha ali ndi mkwiyo, koma akanawapeza amai ake. Ndikanapanda kuthamangila ku Katete, Esinati akanafa osaonanso ana ake. Ndazitembenuza zimenezi zaka zambili ndipo sindinapeze mbali yopanda misozi. Domingo mwiniyo sanandiimbe mlandu. Anati anatsika lole ndi miyendo yake, ndipo akanati abwelelenso ku Katete kuja akanatsikanso.

Basi itafika ananyamuka kukaonetsa timipando pamawindo. Ndinamugwila mkono ndi kumufunsa kuti nanga kukaona manda a amai ake apita liti. Anandiyang'ana, namwetulila pang'ono.

"Mailo," anatelo.

Domingo anamwalila zaka zinai zapitazo ndipo anaikidwa ku Minga. Bokosi lake anapala ndi Fulansisiko, ndipo Esinati analipo pamalilo. Kuchokela Lachisanu lija la 1994 ndafunsa kawili aliyense amene wandiuza kuti mailo, ngakhale inu ana anga, ngakhale mai anu. Domingo yekha ndi amene sindinamufunse.